Gulugufe Wosatha ndi Chinsomba Chimene Chikutha

Mwezi wa January ukafika pakati, chimanga cha m'minda ya ku Kasenengwa, Chipangali ndi Chadiza chimakhala chafika m'mawondo, ndipo mlimi amene walawirira kumunda mame asanakamuke amadziwiratu chimene akukayang'ana. Masamba ena amakhala ndi timawindo toonekera, ngati wina wapala chobiriwira chonse n'kusiya kakhungu kokha. Ena amakhala obowoka motsatana, mzere wa zibowo wodutsa tsamba lonse. Akasuzumira mumtima mwa phesi, momwe masamba atsopano amatulukira, amapeza zinyenyeswa zonyowa zonga utuchi, ndipo akafunyulula ndi zala amaipeza mbozi ili phee pansi pake. Pamutu ili ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka, chakumchira ili ndi timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi. Mbozi imeneyi aliyense kuno akuidziwa, ndipo ambiri anangoipatsa dzina lakale la ntchemberezandonda ngakhale ili mlendo. Amene alimi ambiri sanamuonetsetsepo ndi mayi wake. Ndi kagulugufe ka usiku, kotuwa ngati khungwa louma, kamene mapiko ake akatambasuka sapitirira masentimita 4. Masana kamabisala. Kalibe mano, kalibe ululu, ndipo mwana wamng'ono angakatswanye ndi chala chimodzi.

Kutali kwambiri ndi Chipata, usiku wa pa 13 June 2022, msodzi wina wa pachilumba cha Koh Preah mu mtsinje wa Mekong, m'chigawo cha Stung Treng ku Cambodia, anakola ndi mbedza nsomba imene inafunika gulu la amuna kuti ifike kumtunda. Inali ya mtundu wa stingray, nsomba yaphwatalala ngati lichero, ya mchira wautali ngati chikwapu. Akatswiri a ntchito ya Wonders of the Mekong ataiyeza anapeza kuti ikulemera makilogalamu 300, kufanana ndi matumba asanu ndi limodzi a chimanga amene mlimi amatula ku bungwe la boma logula chimanga la FRA. M'litali inali mamita 3.98, m'lifupi mamita 2.2. Palibe nsomba ya m'madzi opanda mchere imene inalembedwapo yolemera kuposa pamenepo. Anthu a kumeneko anaitcha Boramy, kutanthauza mwezi wathunthu, ndipo ataiika kachipangizo kolondolera anaibwezera m'madzi. Mutafunsa aliyense pa msika wa Kapata kuti cholimba ndi chiti pakati pa kagulugufe kaja ndi chinsomba ichi, sangachedwe kuyankha. Koma chinsombacho chili pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pangozi yotheratu, pamene kagulugufeko kanalowa mu Africa mu 2016, kanafika ku India mu 2018, ku China kuchiyambi kwa 2019 ndi ku Australia mu 2020. Mfundo yanga ndi yakuti mphamvu ya chamoyo pamaso pa munthu siili m'kukula kwake kapena m'chida chake. Ili m'changu chimene chimabwezera nacho ana pamalo pa amene afa. Ndipo ife kuno kum'mawa tasokoneza ziwirizi: tikulimbana ndi gulugufe ngati kuti tingamumalize, ndipo tikukolola zamoyo zobereka pang'onopang'ono ngati kuti sizingathe.

Tiyambe ndi gulugufe, amene asayansi amamutcha Spodoptera frugiperda. Kwawo ndi kumadera otentha a ku America. Wamkazi amaikira mazira m'magulu a 100 mpaka 200, kawirikawiri kunsi kwa tsamba, n'kuwafunditsa ndi ubweya wa m'thupi mwake. Pa moyo wake wa masiku pafupifupi khumi angathe kuikira mazira 1,500, ena kuposa. Kukatentha mazirawo amaswa pa masiku awiri kapena atatu. Mbozi imadya kwa milungu iwiri, ikufundula khungu pamene ikukula, kenaka imatsikira pansi n'kudzikwirira m'nthaka masentimita ochepa, ndipo pakatha sabata ndi masiku pang'ono mumatuluka gulugufe wina. Ulendo wonse, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikira mazira ake, umatenga mwezi umodzi m'nyengo yotentha. Ndiye kuti chimanga chodzalidwa mu December chimaona agogo, ana ndi zidzukulu chisanaume. Gulugufeyu amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi mphepo ikamuthandiza, mtunda woposa wa Chipata ndi Katete, ndipo chipata cha pamalire cha pa Mwami sachidziwa n'komwe. Mbozi yake inapezekapo pa mitundu ya zomera yoposa 350, kuphatikizapo mapira, mpunga, thonje ndi udzu wakutchire. Mosiyana ndi ntchemberezandonda yakale, Spodoptera exempta, imene imabwera chigulu chaka china n'kuzimiririka, monga inachitira mu December 2012, iyi inabwera ndi mphasa.

Momwe dziko linailandirira tonse tikukumbukira. Inayamba kuonekera ku West Africa kuchiyambi kwa 2016, ndipo chaka chisanathe inali m'minda ya mu Zambia. Chakumapeto kwa December, Pulezidenti Edgar Lungu analamula asilikali a ndege a Zambia Air Force kuti anyamule mankhwala kupita nawo m'zigawo, mothandizana ndi bungwe loona za ngozi la DMMU ndi Zambia National Service. Pofika mu January 2017 mahekitala oposa 100,000 anali atagwidwa. Mu February bungwe la FAO linaitanitsa msonkhano wadzidzidzi ku Harare, ndipo mu December chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 a ku Malawi ali pa ngozi. Sindikunyoza zimene atsogoleriwo anachita. Nsima inali pachiswe ndipo panalibe amene ankachidziwa bwino chilombocho. Koma mawu amene anagwiritsidwa ntchito anali a nkhondo, ndipo nkhondo imakhala ndi tsiku lomaliza, limene mdani amagonja. Papita zaka zambiri, mbozi ikadali m'minda ya ku Vubwi ndi Lundazi chaka ndi chaka.

Tsopano chinsomba chija, Urogymnus polylepis. Ndi m'bale wake wa shaki, ndipo mafupa ake ndi ofewa ngati a khutu la munthu. Chimakhala pansi pa mitsinje ikuluikulu monga Mekong, Chao Phraya ndi Mae Klong ku Thailand, komanso mitsinje ya pachilumba cha Borneo. Chimadzikwirira m'matope n'kusiya maso okha ndi zibowo ziwiri zokokera madzi kumbuyo kwa masowo, pakuti pakamwa pake pali kunsi. M'madzi akuda amene maso sathandiza, chimamva timphamvu ta magetsi totuluka m'matupi a nkhanu, nkhono ndi tinsomba. Pamchira chili ndi munga wa manomano ngati sowo, wokutidwa ndi ululu, umene umatha kutalika masentimita 38. Aliyense amene anabayidwapo ndi nkholokolo pokonza nsomba za mu Luangwa angaganize momwe munga wotalika ngati chikwanje chaching'ono ungachitire. Ndi munga wa nsomba ina ya banja lomweli, ya m'nyanja, umene unapha Steve Irwin wa ku Australia mu September 2006. Koma munga umenewu ndi wodzitetezera basi, ndipo ulibe ntchito pamaso pa mbedza ndi ukonde. Chofunika pa nkhani yathu ndi ichi: nsombayi siikira mazira. Imatenga bere, ana amakulira m'mimba akuyamwa madzi onga mkaka, ndipo imabereka mwana mmodzi mpaka anayi, aliyense wotambalala masentimita pafupifupi 30, wokwanira kale ngati mbale yaikulu ya nsima. Pamatenga zaka kuti mwanayo akule n'kuberekanso.

Mtundu wobereka chonchi sufuna kuphedwa kochuluka kuti uthe. Mayi mmodzi akakodwa mwangozi mu ukonde wotchera nsomba zina, mtsinje wataya ana a zaka zambiri. Madamu akatseka njira, kapena madzi akaipa, monga zinachitikira mu Mae Klong mu October 2016 pamene nsombazi zoposa 50 zinapezeka zitafa, mpata wotsalawo sudzaza msanga. Kafukufuku wamkulu wa mu 2021 anapeza kuti mtundu umodzi mwa itatu iliyonse ya shaki ndi abale ake aphwatalalawa uli pangozi yotheratu, makamaka chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Ndipo pali nkhani imodzi imene imandikhudza kuposa zonse. Mu 1862 katswiri wa ku Germany, Eduard von Martens, anagula kansomba kamodzi kaphwatalala pa msika wa nsomba mu mzinda umene lero ndi Jakarta. Kansombako, Urolophus javanicus, sikanaonekenso kwina kulikonse. Mu December 2023 IUCN inalengeza kuti mtunduwo unatha. Zonse zimene dziko likudziwa za mtundu wathunthu zachokera pa nsomba imodzi imene inali pa thebulo la wogulitsa, pakati pa ndiwo zina za tsikulo.

Tikaika ziwirizi pamodzi, masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti mlimi wapopera bwino koposa ndipo wapha mbozi 99 pa 100 iliyonse. Pa mazira 1,500 a gulugufe mmodzi patsala ana 15, ndipo mwezi usanathe aakazi mwa iwo akuikira mazira awo, osawerengera obwera usiku kuchokera ku Mchinji kapena ku Tete. Choipanso n'chakuti otsalawo ndi amene mankhwala sanawakomole, ndipo ana awo amatengera kulimba komweko. Ku America gulugufeyu anazolowera kale mitundu ingapo ya mankhwala, ndipo anafika kuno ali ndi mbiri imeneyo. Onjezerani kuti mbozi ikakula imalowa mkati mwenimweni mwa phesi n'kudzitsekera ndi ndowe zake, momwe madontho a mpope safika, makamaka ngati wapopera masana dzuwa lili pamutu. Ndalama zimapita, mbozi imatsala, ndipo amene afa mosakayikitsa ndi nyerere, akangaude ndi timavu tating'onoting'ono timene timaikira mazira athu m'mazira ndi m'matupi a mbozi. Kamodzi mwa timavuti, Telenomus remus, kanapezeka kuti kali kale m'maiko angapo a mu Africa popanda wokabweretsa. Adani a mbozi amenewa akafa, mboziyo imapeza munda wopanda mlonda, motero kupopera kosaganizira kumatsegulira njira m'badwo wotsatira.

Wina adzati zonsezi n'zabwino kulemba munthu atakhala pa mpando, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wa ku Mtenguleni amene ali ndi ekala imodzi, amene wagulitsa mbuzi kuti aonjezere feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya boma ya FISP, sangaime n'kumadikira timavu pamene masamba akutha. Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindikunena kuti mpope utayidwe. Ndikunena kuti mantha asamatsogole. Kafukufuku wa bungwe la CABI wa mu 2017, wofunsa alimi, anasonyeza kuti mu Zambia mbozi inali kuwononga pafupifupi magawo 40 pa 100 a zokolola. Koma akatswiri otsogozedwa ndi Frédéric Baudron atayeza zokolola zenizeni m'minda ya ku Chipinge ndi Makoni ku Zimbabwe, anapeza kuti chotayika chinali pafupifupi magawo 12 pa 100. Minda imasiyana ndipo zaka zimasiyana, koma phunziro lake likuoneka: munda wodyedwa masamba umaoneka woipa kuposa momwe ulili. Chimanga chimene chili ndi chinyezi ndi chakudya chimaphukanso, malinga mbozi isanadule pomera kapena kulowa m'chitsononkho. Chinanso, mbozi zikakula zimadyana zokhazokha, motero mwa mazana oswa pa tsamba, mu phesi mumatsala imodzi kapena ziwiri.

Ndiye chifukwa chake alangizi amati munthu ayende m'munda mwake kamodzi kapena kawiri pa sabata, aime malo asanu, ayang'ane mapesi khumi pamalo alionse, ndipo aganize za mankhwala pokhapokha ngati phesi limodzi pa asanu a chimanga chaching'ono lagwidwa kumene. Akapeza mazira awatswanye ndi chala, ndiyo nthawi yokhayo imene mbozi 200 zimafa ndi dzanja limodzi. Mchenga, dothi kapena phulusa zothira mumtima mwa phesi, zimene ena ankaziseka poyamba, zimagwira ntchito pa munda waung'ono, ndipo alimi ena ku Malawi amawaza msuzi wa nsomba kuti aitane nyerere. Kudzala ndi mvula yoyamba, mudzi wonse pamodzi, kumathandiza kuti wochedwa asakhale chakudya cha m'badwo wachitatu. Kusakaniza chimanga ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena mtedza, umene kum'mawa kuno ndiye kwawo, kumasokoneza gulugufe ndi kusunga adani ake. Njira ya bungwe la icipe la ku Kenya, yodzala Desmodium pakati pa mizere ndi udzu wokopa m'mphepete, inachepetsa mbozi kwambiri m'minda ya ku East Africa, ndipo mu December 2020 bungwe la CIMMYT linalengeza mbewu zitatu za chimanga zopirira mboziyi. Zonsezi si zomaliza gulugufe. Ndi zomuchepetsa kuti tidye naye. Zimafuna mlangizi wokhala ndi njinga yoyenda ndi malo ofufuzira ngati Msekera okhala ndi ndalama zogwirira ntchito chaka chonse, osati ndege ya mankhwala yobwera zinthu zitavuta kale. Pali chinanso chimene sitikonda kuchikamba. Gulugufeyu sagona m'nthaka kudikira mvula monga tizilombo tina. Amafuna chomera chobiriwira mwezi uliwonse, ndipo m'chilimwe amachipeza m'madimba athu a m'mbali mwa Lutembwe ndi m'madambo ena, momwe timalima chimanga chootcha. Amene akufuna mbozi zochepa mu January ayambe kuyendera dimba mu August.

Wowerenga watcheru angandigwire apa. Ngati kuikira mazira ambiri ndiko chitetezo, nanga bwanji matondo ndi mphalabungu, zimenenso ndi ana a agulugufe a usiku, zikusowa m'madera amene kale ankadzaza nazo madengu? Funso limeneli likukonza mfundo yanga, silikuigwetsa. Tengani gulugufe wamkulu uja wa mapiko a madontho onga maso, Gonimbrasia belina, amene mbozi zake zimadya masamba a tsanya m'chigwa cha Luangwa ndi mitengo ina ya m'miombo. Wamkazi amaikira mazira 50 mpaka 200, iyeyo alibe pakamwa podyera, ndipo amafa pakatha masiku atatu kapena anayi. Mbozi zikakhuta zimatsikira m'nthaka n'kukhalamo, nthawi zina miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Pa chaka pamakhala m'badwo umodzi kapena iwiri, osati khumi, ndipo chakudya chake ndi mitengo yowerengeka imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Ndiye kuti changu chake chenicheni ndi changu cha mtengo. Wotema tsanya kuti awotche makala, wogwetsa mtengo kuti atole mbozi mosavuta, ndi woyatsa tchire mochedwa masamba atayamba kuphuka, onsewa akupha mayi, monga msodzi wa mu Mekong. Agulugufe awiri, banja limodzi lalikulu, koma wina tamuyalira mahekitala a chimanga kuchokera ku Nyimba mpaka ku Chama, wina tikumugwetsera nyumba. Ku Kasungu, tsidya lina la malire, oyang'anira paki anayamba kulola anthu a m'midzi yozungulira kutola matondo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pa nyengo yoikika ndi popanda kudula mitengo. Ndi chitsanzo cha lamulo lopangidwa poyang'ana momwe chamoyo chimaberekera.

Funso lotsiriza ndi limene ambiri akhala nalo kuyambira ndime yachiwiri: Zambia ilibe nyanja yamchere, ndipo mu Luangwa mulibe stingray, ndiye ife zikutikhudza bwanji? Yankho ndi lakuti tili nazo zathu, zovala khungu lina. Ngaka imabereka mwana mmodzi pa chaka, ndipo mamba ake olimba, monga munga wa chinsomba chija, amaiteteza kwa mkango koma osati kwa munthu wonyamula thumba. Mtengo wa mukula unatemedwa ndi kutumizidwa kunja mwaliwiro lotere mwakuti mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES woletsa malonda osalamulirika. Ngakhale nsomba wamba, zimene zimaswa ana ambiri, zili ndi malire ake. Chambo chimalera ana ake m'kamwa, ndipo makoka a maso ang'onoang'ono atasesa malo oswera mu nyanja ya Malombe, usodzi wa chambo kumeneko unagwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Boma la Zambia limatseka usodzi kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, koma neti yogonamo ikalowa m'madzi imakokolola ndi tiana tomwe. Maganizo a papsa tonola ndi omveka kwa munthu wanjala, ndipo chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko pa 29 February, chinatumiza ambiri kutchire ndi kumtsinje. Sindiweruza wanjala. Ndikudandaula ndi ndondomeko imene imapeza ndalama mwamsanga zothira poizoni pa chinthu chosatha, koma imasowa mafuta a bwato loyendera mtsinje pa miyezi itatu imene nsomba zikuswa.

Chigwa cha Luangwa chinakumana nazo kale zimenezi, ndipo anthu amene anaziona akadali moyo. M'zaka za m'ma 1970 munali zipembere zakuda zikwizikwi, nyama yolemera kuposa tani imodzi, ya nyanga imene aliyense ankaiopa. Chipembere chimakhala ndi bere miyezi 15 kapena 16, chimabereka mwana mmodzi, ndipo pamapita zaka ziwiri ndi theka kapena kuposa chisanaberekenso. Opha nyama mozemba atalowa m'chigwa chifukwa cha malonda a nyanga, sipanathe zaka makumi awiri, zipembere zinatha. Mu 1998 zinalengezedwa kuti mu Zambia mulibenso chipembere chakuda. Kuti chibwerere panafunika ndege zochokera ku South Africa, mipanda ya magetsi ndi alonda ousa usiku ndi usana. Pakati pa 2003 ndi 2010, boma mothandizana ndi Frankfurt Zoological Society linabweretsa zipembere 25 ku North Luangwa, ndipo zakhala zikuswana mwana mmodzimmodzi. Ku South Luangwa, kumene alendo amatera pa bwalo la ndege la Mfuwe atadutsa pamwamba pa minda ya chimanga ya ku Mambwe, chipembere kulibe mpaka lero.